Mmene Mungamwazire Ndalama za Madzi Otentha m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Mwapatsidwa thumba la ndalama. Kalata yobwera nalo ikuti muthandize mabanja a ku Dowa ndi ku Ntchisi kugula zipangizo zotenthetsera madzi osamba zosadya nkhuni zambiri kapena magetsi ambiri. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti ndalamazo zatha, malipoti alembedwa, ndipo madzi a m'ndowa ndi ozizira monga munawapezera. Zimenezi sizichitika mwangozi. Thumba lotere likagwera m'manja mwa munthu wosaphunzira ntchito, limatha kukafika kwa eni ake n'kuwathandiza. Tsatirani ndondomeko iyi osadumpha kanthu.

Yambani ndi msonkhano womva maganizo a anthu. Uchitikire ku Mponela, mu holo ya loji, m'mwezi wa Okutobala. Mponela ali pa msewu wa M1, choncho alendo anu a ku Lilongwe adzafika nsapato zili mbee. Alinso m'boma la Dowa, choncho lipoti likadzati munamva maganizo a anthu a ku Dowa silidzakhala likunama. Mwezi nawo ndi wosankhidwa bwino. Mu Okutobala aliyense ali thukuta kamukamu, ndipo palibe amene akukumbukira ntchito ya madzi ofunda. Musayerekeze kukwera mapiri mu Juni kapena Julayi, pamene mphepo ya mwera ikuwomba pa Dowa boma, ku Kongwe, ku Mvera ndi m'munsi mwa phiri la Ntchisi, nkhungu itakuta minda mpaka dzuwa kukwera, mwana wa sitandade 2 ataima pa mwala wa m'bafa mano akugundana. Zoona ndi maso zimasokoneza bajeti.

Itanani abambo, makamaka amene kunyumba kwawo madzi otentha amatuluka okha pa mpopi, kapena amene amawapeza ali kale m'bafa, sopo ali pambali. Amene amadzuka tambala woyamba kukoleza moto, kutereka ndowa pa mafuwa, kuuzira nkhuni zaziwisi misozi ili mbwembwembwe, ameneyo musamuitane. Iyeyo amadziwa kuti mtolo umodzi umatha masiku angati. Amadziwa kuti mayi wachikuta amafuna madzi otentha kangati pa tsiku, kuti agogo a nyamakazi sasamba ozizira, ndiponso kuti mtsikana wake wachedwa kangati kusukulu chifukwa choyamba wadzera kunkhuni. Munthu wodziwa zambiri chonchi amatalikitsa msonkhano. Akapezeka kuti wabwera, mulandireni mwaulemu, mumpatse ntchito yotsegula ndi pemphero, kenaka mumjambule chithunzi cha pachikuto cha lipoti.

Tsopano sankhani chipangizo, ndipo apa manambala akuthandizani. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 300,000 ku Ntchisi. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti m'dziko lonse nyumba zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100, ndipo kumidzi zinali pafupifupi 4 mwa 100. Mawaya a MAREP afika m'misika ina kuchokera nthawi imeneyo, koma anthu ambiri a kwa Chiwere, kwa Kayembe, kwa Kasakula ndi kwa Nthondo akadali otereka madzi pa moto, ndipo amatunga pa mjigo, pa chitsime kapena ku mtsinje. Chipangizo choyenera anthu otere ndi giza yamagetsi ya malita 150. Imafuna waya, imafuna mpopi wa m'nyumba, imafuna denga lolimba. Ndi chisankho chimodzi chokhachi mwachotsa pa mndandanda anthu oposa 90 mwa 100, osakangana ndi mfumu iliyonse.

Otsalawo, a pa boma ndi a ku Mponela ndi ku Madisi amene ali ndi mpopi wa Central Region Water Board, aphunzitseni kagwiritsidwe koyenera. Kutenthetsa malita 150 kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumadya mayunitsi pafupifupi 7. Amenewo ndi malire a pansi, ndipo katswiri sakhutira ndi malire a pansi. Auzeni akweze thermostat mpaka pothera, asaike timer, asakute thanki kapena mapaipi ndi chilichonse chosunga kutentha, ndipo giza ikhale kutali ndi bafa kuti ndowa yoyamba yonse izituluka yozizira n'kutayidwa. Izikhala yoyaka usana ndi usiku, ngakhale banja litapita ku maliro kumudzi sabata yathunthu. Onse azisamba m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene dziko lonse likuphika. Element imodzi ya makilowati 3 imakoka magetsi ofanana ndi mababu a LED 300 a mawati 10, choncho giza imodzi ikayaka imafafaniza phindu la mababu osadya magetsi amene ESCOM inagawa m'nyumba makumimakumi. Magiza 43,000 atayaka nthawi imodzi amamaliza mamegawati pafupifupi 130. Amenewo ndi magetsi onse a pa Kapichira, aja dziko linawasowa kwa nthawi yoposa chaka namondwe Ana atagumula damu mu Januwale 2022. Namondwe amabwera mwa apo ndi apo, pamene giza mumakhala nayo tsiku lililonse.

Mwina opereka ndalama akakamira kuti zikhale za sola. Musade nkhawa, koma khalani tcheru, chifukwa giza ya dzuwa ili ndi vuto limodzi lalikulu: imagwira ntchito. Madzi akatentha m'machubu ake agalasi amakwera okha kupita mu thanki ili pamwamba, ozizira n'kutsika kukalowa m'malo mwawo, popanda pampu, popanda yuniti, popanda mtolo wa nkhuni. Choipa china n'chakuti miyezi yozizira kuno ndi yomweyo yopanda mvula, ndipo masiku ambiri nkhungu ikachoka kumwamba kumakhala ngwee. Chinthu chotere mukachilekerera chitha kutenthetsa madzi zaka khumi ndi kupitirira.

Mwamwayi anzathu anailambula kale njirayi. Ku South Africa, kampani ya magetsi ya Eskom inayamba mu 2008 kubwezera gawo la ndalama kwa ogula magiza a dzuwa, ndipo boma linalengeza cholinga choika 1 miliyoni pofika cha m'ma 2014. Sanafike ndi theka lomwe. Ambiri mwa magiza otchipa oitanitsa kunja anayamba kudontha, owaika atasowa kale. Kenaka unduna wa za mphamvu unailanda ntchitoyo n'kugula magiza pafupifupi 87,000, ndipo ambiri anakhala zaka m'nyumba zosungira katundu, boma likulipira lendi ya marandi mamiliyoni ambirimbiri. Abale athu a ku Joni angakuuzeni za mathanki ouma ali pa madenga a m'malokeshoni. Phunziro lake ndi lomveka: gulani kaye, mafunso pambuyo. Giza ya m'bokosi siidontha, siisweka, ndipo imawerengeka mosavuta ofufuza za chuma akabwera.

Tafika pa mtima wa ntchito, womwe ndi kapangidwe ka thandizolo. Njira yodalirika koposa ndi yobwezera. Munthu agule yekha ndi ndalama zake zonse, aike, abweretse malisiti, inu mudzambwezere gawo. Ubwino wake ndi wakuti wokhoza kutulutsa mtengo wonse nthawi imodzi ndi yemwe akanagula ngakhale inu kulibe. Thandizo lanu silisintha zochita za munthu aliyense, ndipo limagwera amene salifuna kwenikweni, amene sadzabweranso kudzadandaula. Ndalama yobwezayo muilembe m'makwacha, nambala yokhazikika, ndipo muilipire pakatha chaka. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene machubu ndi mathanki amagulidwa kunja ndi madola. Mukadekha mokwanira, ndalama imene munalonjeza kuti ndi theka la mtengo idzakwana mpopi umodzi ndi guluu wa mapaipi.

Pa zikalata musachite ulesi. Chiphaso cha unzika pafupifupi wamkulu aliyense ali nacho chiyambire 2017, choncho pachokha n'chosakwanira. Onjezani nambala ya mita ya ESCOM, akaunti ya ku banki, nambala ya msonkho ya ku MRA, ndi chikalata cha umwini wa malo. M'madera amene malo ndi a makolo, ogawidwa ndi a nyakwawa, chikalata chomalizachi chimagwira ntchito bwino kwambiri. Musalole Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa zimenezo zimafika ku Malomo ndi ku Bowe tsiku lomwelo. Fomu ikhale ya m'Chingerezi, masamba khumi ndi awiri, yokatula ku Lilongwe pamaso. Wochokera kwa Nthondo akafika nayo atagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti, muuzeni kuti abwana osayina atuluka, abwere Lachiwiri.

Nthawi muisankhenso mosamala. Mlimi wa m'mapiri awa amagwira ndalama kuyambira Epulo mpaka cha mu Ogasiti, akagulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo miyezi yomweyi ndi imene chisanu chimamukumbutsa za madzi ofunda. Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana cha kumapeto kwa chaka. Nyengo zonsezi zipeweni. Tsegulani kalembera mu Febuluwale, m'nkhokwe mulibe kanthu, anthu ali pa ganyu, misewu ya dothi lofiira ikuterera, ndipo mutseke pa 31 Malichi pamodzi ndi chaka cha boma cha ndalama. Wosabwera m'masabata amenewa mumlembe m'gulu la osafuna chitukuko. Wina akapempha ngongole yolipira pang'onopang'ono, mlozereni kwa a katapila, amene ali ndi luso pa ntchito imeneyo.

Njira ina yaulemu ndi kuchotsa msonkho. Boma linachitapo kale: mu bajeti ya 2019/20 linachotsa VAT, yomwe inali 16.5 peresenti, pa mapanelo a sola, mabatire ake ndi gasi wophikira. Ganizo lotere lingathe kutsitsadi mitengo ngati wina atautsatira katunduyo kuchokera pa chipata cha Mwanza kapena Songwe mpaka pa shelefu ya sitolo ya pa Ntchisi boma. Wotsatirayo musakhale inu. Lengezani pa wailesi, ombani m'manja, ndipo musalowe mu sitolo iliyonse kukafunsa mtengo. Ndalama yopulumukayo idzapeza yokha thumba lokhalamo.

Mukakakamizidwa kugawa makuponi, zaka za feteleza wotsika mtengo chiyambire 2005 zatisiyira luso lokwanira. Kuponi ifike kwa munthu amene alibe ndalama yowonjezerapo, katundu asanafike pa depoti, venda ataima panja ndi chikwama. Mndandanda wa maina musauwerenge pa bwalo mudzi wonse ukumva. Ulembedwe madzulo, anthu atatu ali m'nyumba.

Kampani muilipire malinga ndi chiwerengero cha magiza otsitsidwa mu lole. Pali kachitidwe kena, konga ka thumba la Ngwee Ngwee Ngwee lothandizidwa ndi World Bank, komwe kampani ya sola imalandira gawo la ndalama pokhapokha zitatsimikizika kuti chipangizo chafika pakhomo pa munthu, ndipo ogula ambiri amalipira pang'onopang'ono pa foni. Kachitidwe kameneko kamaikakamiza kampani kubwereranso kumudzi chinthu chikawonongeka, chifukwa wogula amasiya kulipira nyale ikazima. Musakatengere. Lipirani zonse patsogolo. Kampani yolipidwa kale simavutitsa anthu ndi maulendo obwereza.

Ngakhale mutayesetsa chotani, magiza ena adzafikabe pa madenga. Apa m'pofunika pulambala woyenera. MERA imapereka ziphaso kwa oika zipangizo za sola, ndipo Malawi Bureau of Standards ili ndi miyezo ya katundu wolowa m'dziko, koma zonsezi zimachedwetsa. Pezani mphwake wa mlamu wanu amene anaonererapo ntchito yotere. Mpatseni buku la malangizo lolembedwera ku Europe, komwe amati chipangizo chiyang'ane kummwera. Dowa ndi Ntchisi ali madigiri 13 ndi kanthu kummwera kwa equator, ndipo mu Juni dzuwa la masana limadutsa cha kumpoto. Giza yoyang'ana kummwera, yoimikidwa motsetsereka kwambiri, idzapereka madzi ofunda mu Novembala pamene palibe akuwafuna, ndi ozizira mu Juni. Zikatero ndiye kuti mwalondola. Pakakhala mtengo wa mango kapena bulugamu, ikani mu mthunzi wake kuti machubu asapse ndi dzuwa.

Thanki ya malita 150 ikadzaza, pamodzi ndi zitsulo zake, imalemera ngati matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50. Ikhazikeni pa mitengo ya denga imene chiswe chayamba kale kulawa, pakati pa malata, pamwamba penipeni pa chipinda chogona. Pa nyumba yopanda mpopi madzi azikwera pa makwerero, ndowa zisanu ndi ziwiri ndi theka za malita 20, pamutu pa mtsikana uja wochedwa kusukulu. Tsiku limene iye wadwala thanki idzauma, ndipo machubu adzatentha opanda madzi kupitirira madigiri 100 kutalitali. Imeneyo ndiyo nthawi yolangiza kuti athiremo madzi ozizira a pa mjigo, dzuwa lili paliwombo. Galasi lidzalira kamodzi kokha. Machubu apadera musasiye m'boma lonse. Wofuna chubu chimodzi akwere minibasi mpaka ku Lilongwe, pobwerera achinyamule pamiyendo, thumba la makala la mnzake litamupanikiza. Madzi a mijigo ina ali ndi mchere umene umaundana m'machubu ndi m'mapaipi, koma za kutsuka musatchule. Achinyamata a maphunziro a ntchito za manja a TEVETA musawaphunzitse kukonza, chifukwa mnyamata mmodzi wa sipanala pa Madisi akhoza kuukitsa magiza a dera lonse la mfumu yaikulu.

Komabe mdani wanu weniweni si giza. Ndi kanthu kadothi kotchedwa Chitetezo Mbaula. Magulu a amayi amaiumba ndi dongo la komweko n'kuiwotcha mu uvuni, ndipo imadula nkhuni ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposa poyerekeza ndi mafuwa. Imayaka ndi zitsononkho, mapesi ndi tinthambi. Mu 2013 boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza mbaula zamakono 2 miliyoni pofika 2020, ndipo m'maboma ena olandira Mtukula Pakhomo anapatsidwa mbaula zotere. Total LandCare nayo yakhala ikuphunzitsa anthu a m'chigawo chapakati kumanga mbaula za njerwa m'makhitchini. Kuopsa kwake kuoneni apa. Ndowa ya malita 20 kuti ifunde bwino imafuna mphamvu yokwana pafupifupi theka la yuniti. Pa mafuwa moto wambiri umathawira m'mbali, ndipo wolowa m'madzi sukwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, choncho ndowa imodziyo imadya nkhuni pafupifupi kilogalamu yathunthu. Muchulukitse ndi anthu asanu pakhomo, ndi makomo onse a m'maboma awiriwa, ndi m'mawa uliwonse wa chisanu. Mbaula ndi chivundikiro pamwamba pa ndowa zimachepetsa nkhuni zimenezi lero lomwe, pa nyumba ya udzu, popanda waya, popanda fomu. Mtengo wa giza imodzi ungagule mbaula za mudzi wonse. Chigubu chakuda choikidwa pa dzuwa m'mawa chimapereka madzi ofunda osambitsa ana madzulo, osalipira kanthu.

Zinthu zotere siziyenera kulowa m'ndondomeko yanu. Lembani m'malamulo a thumba kuti chipangizo chovomerezeka chikhale ndi nambala ya ku fakitale ndi chikalata cholowera m'dziko. Mbaula yadothi ilibe zonse ziwiri. Wina akaitchula, yankhani kuti imeneyo ndi nkhani ya zophika, pamene inu muli ku madzi osamba, ndipo amenewa ndi maofesi awiri osiyana. Zoti mayi amaphika nsima ndi kutereka madzi pa moto umodzi womwewo siziikhudza ofesi.

Mbaula zikalowabe chifukwa cha ndalama za carbon, zinthu sizinathe. Gawani zaulere, ziwiriziwiri pakhomo, osaonetsa kayatsidwe, osabwereranso. Zina zidzasanduka mipando, zina nkhuku zidzaikiramo. Pa kuwerenga samalani kwambiri. Mu Okutobala 2024 boma la America linaimba mlandu yemwe anali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, woti manambala a ntchito za mbaula, kuphatikizapo za ku Malawi, anakokomezedwa. Mwiniwake anaukana, koma bungwe la Verra, lovomereza ma carbon credit, linafafaniza oposa 5 miliyoni a ntchito za kampaniyo. Kusintha manambala pa kompyuta ndi njira ya anthu opupuluma. Inu tumizani wofunsa atavala malaya a pulojekiti, aime pakhomo mfumu ili pambali, afunse kuti, "Amayi, mbaula tinakupatsani ija mukuigwiritsa ntchito, eti?" Mayi wa ku Dowa ndi waulemu, sangamchititse mlendo manyazi pamaso pa mfumu. Adzati eya. Wofunsayo asalowe m'khitchini kukakhudza phulusa la pa mafuwa.

Alipo malo ena amene giza ya dzuwa imodzi ingatumikire anthu mazanamazana: chipinda cha amayi ochira pa chipatala, chidikiro, khitchini ya odwazika matenda komwe mafuwa amayaka m'mizere kuyambira m'bandakucha, sukulu zogonera komweko, ndi msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu osapitirira 12,000 koma lero uli ndi oposa 50,000, onse ofuna moto pa mapiri amene mitengo yake inatha kale. Ambiri mwa malo amenewa ali ndi thanki ya madzi, denga lolimba ndi munthu woyang'anira. Ngozi yoti ntchito itheke ndi yaikulu kwambiri. Kumbukirani kuti kalata yanu ikuti mabanja, ndipo chipatala si banja. Mukakakamizika kuikapo imodzi, musasiye ndi tambala yomwe ya zokonzera, ndipo musalembe paliponse kuti giza ndi ya ofesi iti, kuti ikadzadontha khonsolo idzaloze unduna, unduna udzaloze opereka thandizo.

Mwambo wotsegulira utenge gawo lalikulu la bajeti: matenti, zitenje zosindikiza, mafuta a galimoto, maalawansi, gule wamkulu. Giza imodzi iikidwe dzulo lake pa nyumba ya m'mbali mwa msewu. M'mamawa muthiremo madzi otereka pa mafuwa kuseri kwa nyumba, kuti mlendo wolemekezeka akatsegula mpopi nthunzi ioneke bwino pa kamera. Chikwangwani chikhale cha chitsulo cholimba, chozikidwa pa simenti, chifukwa ndi chokhacho chimene chiyenera kukhalitsa.

Pakatha zaka ziwiri pitani mukayendere, ndipo mukayang'ane zizindikiro izi. Mitolo ya nkhuni ikutsikabe m'nkhalango ya Ntchisi, imodzi mwa nkhalango zochepa za mitengo yobiriwira chaka chonse zotsala m'chigawo chapakati, ndiponso ku Kongwe ndi m'mapiri a Dowa. Ulendo wa kunkhuni umene unkatha ola limodzi tsopano ukudya m'mawa wonse. Njinga za makala zikutsetserekabe usiku kulowera ku Lumbadzi ndi ku Lilongwe, ngakhale lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo wogwidwa akadali wa njinga yekha. Timitsinje tochokera m'mapiri tikufulumira kuphwa, ndipo mvula yoyamba ikukokolola dothi la m'minda kulitsitsira ku Bua ndi ku nyanja. Ku sikelo ya ana chifuwa ndi chibayo zikulembedwa monga kale. World Health Organization imati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka padziko lonse, ndipo inu mwasamala kuti mapiri athu asatsalire pa chiwerengero chimenecho. Pa madenga angapo pali mathanki owala, ouma, ndipo ina yatsitsidwa n'kudulidwa pakati kuti nkhumba zizimwera. Mukapeza zonsezi, ntchito inagwiridwa mwaluso.

Chotsala ndi lipoti. Liwerenge zinthu zowerengeka: magiza ogulidwa, misonkhano yochitidwa, mabotolo a madzi omwedwa, ndi anthu ofikiridwa ndi uthenga, kutanthauza aliyense wokhala kumene wailesi imamveka. Musaike thermometer mu ndowa ya munthu aliyense. Musakweze mtolo wa nkhuni pa sikelo, ndipo popeza simunaukweze poyamba, palibe angatsutse zimene mudzanene za kuchepa kwake. Pa mutu wa zovuta zimene munakumana nazo, lembani kuti anthu a m'derali ndi omangika pa chikhalidwe ndipo akufunika kusintha kaganizidwe. Chiganizo chimenechi ndi chofunika kwambiri, chifukwa ndicho chimabala gawo lachiwiri la pulojekiti. Pemphani ndalama zowirikiza kawiri, ndipo muwonjezere Dedza ndi Ntcheu, komwe chisanu n'chochuluka ndipo mitengo yotsala ikadalipo yokwanira zaka zina zisanu. Kalata yopempha itumizidwe lipoti la ofufuza za chuma lisanatuluke.